Sandimenya, koma ndimamuopa

Wosowa Mtendere: Abale, ndili ku England, pachibwenzi ndi bambo wina yemwe akufuna tilowe m'banja. Sanandimenyepo. Koma foni yanga amaigwira ngati yake, ndipo ndikachedwa kuweruka amafuna chithunzi cha pomwe ndaima. Khadi langa la kubanki amasunga ndi iye, akuti ndimamwaza ndalama. Mchemwali wanga akaimba, ndimakayankhira kubafa nditatsegula mpopi kuti asamve. Iye amati akazi ake akale onse anali amisala. Kodi ndi nsanje chabe? Nanga pali njira yodziwira ngati anazunzapo munthu?

Mayi wa Atatu: Achemwali, imeneyo si nsanje. Munthu wamkulu, wolandira malipiro anuanu, kumabisala kubafa kuti mulankhule ndi m'bale wanu? Nkhanza zamtunduwu sizisiya chipsera pathupi. Amakulekanitsani ndi abale, kukulandani ndalama, kukuikirani malamulo, mpaka mumayamba kudziletsa nokha iye asanatsegule pakamwa. Ku England ndi Wales umenewu ndi mlandu kuyambira 2015, pansi pa Serious Crime Act, ndipo munthu atha kukakhala kundende mpaka zaka 5.

Namwino wa Usiku: Njira ilipo asisi, amati Clare's Law. Clare Wood anaphedwa mu 2009 ku Salford ndi mwamuna yemwe anali atasiyana naye, asakudziwa kuti munthuyo anali ndi mbiri yozunza akazi. Bambo omubereka Clare analimbana nayo nkhaniyi mpaka ndondomekoyi inakhazikitsidwa mu 2014. Kuti mufunse za mbiri ya munthuyo, imbani 101, nambala ya apolisi, kapena lembani pa webusaiti ya apolisi a dera lanu. Amayenera kumaliza pasanathe masiku 28, ndipo zomwe apeza amakuuzani mwachinsinsi. Mchemwali wanu athanso kukufunsirani, ngakhale yankho kawirikawiri limapita kwa mwini wakenu. Chonde, osagwiritsa ntchito foni imene amaifufuzayo.

Bambo Wina: Ndiwonjezereko, mayi. Apolisi akati palibe chomwe apeza, musati ndiye kuti munthuyo ndi woyera. Akazi ambiri sakanena kupolisi. Zomwe mwalembazi ndi zokwanira kale kuti muchenjere. Ndipo mukaganiza zomusiya, musakamuuze muli awiriwiri, chifukwa ngozi imakula pa nthawi yosiyana. Yambani mwalankhula ndi a Refuge, bungwe lothandiza akazi ozunzidwa, pa 0808 2000 247, ndi yaulere usana ndi usiku.

Wosowa Mtendere: Zikomo nonse, thupi lonse likunjenjemera. Mawa ndikabwereka foni ya mnzanga kuntchito. Nanga khadi lija ndilitenga bwanji osamukwiyitsa?

Namwino wa Usiku: Musalipemphe. Tsegulani akaunti ina, makalata ake azifikira kwa mchemwali wanu, ndipo a Refuge akuthandizani kusankha nthawi yabwino yosinthira malipiro.