Andipakira X wofiira pakhoma la nyumba, nditani abale?

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni dzina chonde, achibale adzaza pagulu pano. Ndinagula puloti kuno ku Mangochi ndili ku Joni, ndalama ndinkatumiza kwa mlamu wanga. Mlamu ameneyu nkhani yake ndi ina. Ndinatumiza ya matumba 40 a simenti koma pamaziko panalowa 26, ndikafunsa akuti enawo anauma ndi mvula, mchemwali wanganso akumuikira kumbuyo. Panopa ndabwera ndekha, nyumba yafika pamawindo. Lachiwiri ndili kumsika kunabwera anthu pagalimoto, apaka X wofiira pakhoma n'kuuza mmisiri kuti asiye ntchito. Mmisiriyo ndinamupatsa kale theka la ndalama, foni sakuyankha. Mayi akunyumba sakundiyankhula, akuti ankanena kuti timange kwawo ku Namwera. Kodi agwetsa? Kapena ndimange usiku ndifolere msanga? BP yakwera.

Che Yusufu wa Kabaza: Pepani achimwene. Koma mlamu sapatsidwa simenti, zimenezo ngakhale mwana amadziwa 😂

Mkango wa ku Malombe: NDI ZIMENE AMATHA ZIMENEZO! A khonsolo penti wofiira sawathera, koma ngalande zatsekeka ndi mapepala apulasitiki mpaka mvula ikagwa madzi amalowa m'mashopu. Amayi a usipa amadula tikiti tsiku ndi tsiku, muwafunse chimbudzi chabwino chili kuti. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma lino, tauni ikukula tsiku lililonse, koma mapuloti okonzedwa bwino, okhala ndi msewu ndi mpopi, ali kuti? Munthu akasowa amapita kwa amfumu. Ndiye olakwa ndani?

Mayi a Shakira: Bambo, pulotiyo ili kuti? Ili mkati mwa malire a tauni kapena ndi malo a kumudzi? Anthuwo anasiya kalata? Popanda zimenezi tingokunamizani pano.

Anganga a ku Nkopola: Inu mukulira X, ine nyumba yonse inalowa m'madzi mu 2024 nyanja itasefukira. Mpanda unagwa, mbuzi tinasamutsa pa bwato, m'chipinda chochezera ana ankagwiramo timatemba ndi chitenje. Palibe anabwera ndi penti kudzatichenjeza nthawi imene tinkamanga. Mwina akupulumutsani mwanangu, ngati muli kufupi ndi madzi.

Mkango wa ku Malombe: Anganga, madzi amenewo anachita kutitsekera pa baraji ya ku Liwonde kuti a ku Blantyre aziona magetsi! Ife tizimira, iwo aziwonera mpira.

Aphunzitsi Opuma: A Mkango, musamasokeretse anthu. Baraji ya Kamuzu imathandiza kuti madzi a mu Shire aziyenda mwa muyezo popita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, zoona. Koma nyanja inadzaza chifukwa cha mvula yambiri kumpoto ndi ku Tanzania zaka zotsatizana. Akanatsegula zonse, a ku Chikwawa ndi Nsanje, amene anali asanaiwale Freddy wa 2023, akanaona zotani? Nyanjayi inakweranso chonchi cha m'ma 1980, ife tinaona. Anthu anamanga pamene madzi anaphwera n'kuiwala kuti mwini malo adzabwera.

Mkango wa ku Malombe: Aphunzitsi inu penshoni ikukukwanani eti, n'chifukwa chake mukuwayankhulira. Nanga kolera wa 2022 ndi 2023 amene anatipha kuno, inalinso mvula ya ku Tanzania? Anthu akumwa madzi a m'nyanja momwemo akuchapiramo. Madoko a nsomba alibe zimbudzi. Yambani ndi madzi, zimbudzi, zinyalala, kenako muzibwera ndi penti wanuyo. Alendo akudutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi kupita kumaloji, ndalama zake ife sitiziona.

Aphunzitsi Opuma: Za kolera ndikugwirizana nanu. Koma tauni yomangidwa mwachisawawa ndi imenenso imabweretsa kolerayo. Wina akumba chimbudzi pafupi ndi chitsime cha mnzake, wina atseka njira ya madzi ndi mpanda, ambulansi isowe polowera. Simungafune ngalande n'kumakananso pulani.

Dalitso Zomangamanga: Amene mukufuna njerwa za simenti, mchenga wa kudambo ndi kwale, ndipezeni ku inbox. Timafikitsa mpaka Makawa ndi Monkey Bay.

Che Yusufu wa Kabaza: Gulani laimu mupake pamwamba pa X-yo, akabwera muwauze kuti asochera nyumba 😂😂

Mayi a Shakira: Che Yusufu musaseke, munthu BP yakwera. Bambo, usiku musamange, mungoonjezera mlandu ndi malata omwe. Lamulo la mapulani a malo la 2016 limafuna chilolezo musanamange m'dera la tauni. Tengani kalata yogulira malo ndi chiphaso chanu, mupite ku ofesi yoona za mapulani, mufunse kuti vuto ndi chiyani ndipo akulembereni. Ngati ndi pulani yokha, ena amawalipiritsa chindapusa n'kukonza mapepala. Ngati mwamanga pamsewu kapena pa malo a mwini, imeneyo ndi nkhani ina. Khansala wa dera lanu akhozanso kukuperekezani.

Abiti Saidi: Ine puloti imodzi tinagulitsidwa anthu atatu, aliyense ndi kalata yake yodinda. Mpaka lero nkhani ili kukhoti, wogulitsayo anathawira ku Mozambique kudzera pa Chiponde. Mapepalawo munawaona ndi maso anu kapena ali ndi mlamu uja?

Mkango wa ku Malombe: Misonkhano ya chitukuko akaitana mumapita ndani? Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera, mumafunsa? Mumangodziwa kulira pa Facebook basi!

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mlamu uja wabwera madzulo ano, akuti matumba 14 aja anabwereketsa kwa mnzake, abweza mwezi ukatha. Mmisiri naye wapezeka, anali kumaliro ku Malindi. Ndiye ndifolere kapena ndidikire?

Mayi a Shakira: Bambo inu, PULOTIYO ILI KUTI?