Ndigule munda ku Mchinji ndili ku Joni? Thandizeni maganizo

Mphwanga_waJoni:
Moni nonse. Ndakhala ku Johannesburg zaka 6, ndimagwira ntchito yopenta nyumba, ndasungako kandalama ndipo ndikufuna ndigule munda kumudzi ndizilima soya ndi mtedza kuti tsiku lobwerera ndisadzayambire pansi. Msuweni wanga wandipezera maekala 5 cha ku Kamwendo ku Mchinji, wanditumizira zithunzi pa WhatsApp dothi lofiira bwino komanso kumunsi kuli kadambo koti dimba litheka. Mwini wake akuti K6 miliyoni ndipo akuti amfumu alemba kalata ndikudinda, ine ndili ndi K4 miliyoni ndiye yotsalayo ndimaganiza zokatenga loni ku banki. Koma bamboyo akufulumiza kwambiri akuti pali wina wa ku Lilongwe akufunanso malo omwewo. Kodi kalata ya amfumu ndiyokwana? Nanga za msonkho zimakhala bwanji? Amene munagulapo ndiuzeni chilungamo.

NaPhiri_Dowa:
Achimwene musatumize ndalama kaye chonde. Funso loyamba mufunse ndi ili, bambo akugulitsayo kumeneko ndi kwawo kapena ndi mkamwini? Ine zinandiona mu 2019 ku Dowa konkuno, ndinagula maekala 2 kwa bambo wina wooneka waulemu, kalata ya anyakwawa inalipo, mboni ziwiri zinasaina, ndinalima chaka chimodzi chimanga chinachita bwino zedi. Chaka chachiwiri ndikupita kukasosa ndinapeza mizere yaikidwa kale, mayi wina wakhala pansi pa mtengo wa mango ndi ana ake akulu akulu atatu makasu ali m'manja. Akuti munda uwu ndi wa mayi athu, amene anakugulitsaniyo anangobwera kudzakwatira kuno. Banja linali litatha bamboyo anabwerera kwawo ndi ndalama zanga. Tinapita kwa agulupu mpaka kwa a T/A, atsibweni awo a anawo anangoima nkunena kuti ine mwini mbumba sindinauzidwe, nkhani inathera pomwepo. Ndinalira ngati mwana chifukwa inali ndalama ya geni ya zaka zitatu.

Ndiye kuno kuchigawo chapakati munda umayenda ndi mbumba, sungagule kwa munthu mmodzi ayi. Pakhale azilongo ake, atsibweni, ana akuluakulu ngakhale amene ali kutauni aimbiridwe foni, komanso oyandikana nawo munda mbali zonse muyende nawo malire ndi mapazi. Ndipo zoti pali wina wa ku Lilongwe akufuna, aliyense wogulitsa amanena zimenezo.

Che_Saveya:
Zimene anena mayi NaPhiri ndi zoona, ine ndiwonjezere za malamulo poti ndimayenda kwambiri mu nkhani zoyeza malo. Malo ambiri akumudzi ndi customary land, ndipo amfumu ndi osunga chabe m'malo mwa anthu awo, kalata yawo ndi umboni woti munagwirizana koma si title deed, chikalata cha boma chosonyeza mwini malo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Land Act ndi Customary Land Act zatsopano, Customary Land Act inayamba kugwira ntchito 2018 kenako zonse anazikonzanso mu 2022. Malamulo amenewa salola kuti malo a mudzi azingogulitsidwa ngati mbuzi pa msika, njira yake ndi yolembetsa malowo kuti akhale customary estate, kutanthauza malo akumudzi olembetsedwa mdzina la mwini wake, kudzera ku komiti ya malo ya m'dera la gulupu. Komitiyi wapampando amakhala gulupu yemweyo, mamembala ena 6 amasankhidwa ndi anthu ndipo osachepera atatu akhale amayi. Mikangano imayambira ku bwalo la malo la kwa T/A kenako ku bwalo la malo la pa boma. Kalembera ameneyu anayamba moyeserera mmaboma ngati Kasungu, Phalombe ndi Rumphi ndipo sanafike paliponse, ndiye msuweni wanu apite ku ofesi ya malo kwa DC ku Mchinji akafunse ngati dera limenelo linalembedwa kale komanso ngati mundawo suli mkati mwa esiteti ya munthu wina. Ku Mchinji ndi Kasungu kuli maesiteti ambiri a fodya akalekale amene eni ake anasiya kulima anthu nkulowamo, munthu akhoza kulima pamalo zaka 20 koma lizi ili mdzina la wina.

Ngati malowo ali ndi lizi kale nkhani ndi ina, mumapanga search, kufufuza mu kaundula wa malo, ku Unduna wa za Malo, likulu lawo lili ku Zowe House ku Lilongwe, muone dzina, zaka zatsala komanso ngati sanaikidwe chikole ku banki. Lizi ya ulimi nthawi zambiri imakhala ya zaka 21 pomwe ya nyumba imafika 99. Za msonkho, posintha umwini pamafunika chilolezo cha unduna, tax clearance (kalata yoti za msonkho zili bwino) ya ku MRA, msonkho wa stamp duty womwe amawerengera pa mtengo wa malo, ndipo wogulitsa amayenera kudula msonkho pa phindu lomwe wapeza. Mukatero chaka chilichonse mumalipira ground rent, lendi ya malowo ku boma, ambiri amaiwala zimenezi ngongole nkumangokwera, komanso malo a lizi mukangowasiya tchire osachitapo kanthu boma lili ndi mphamvu yowalanda. Musaiwale ya saveya woika mabikoni a malire ndi ya loya, pa bajeti yanu sindikuiwona.

Kondwa_Geni:
Ine ndilankhule za loniyo basi. Banki siyikupatsani ndalama pa kalata ya amfumu aise, amafuna chikole chokhala ndi title kapena salale yodutsa mu akaunti yawo, inuyo muli kunja ndiye ndi zovuta kale. Ngakhale atakupatsani, mu 2024 Reserve Bank inakweza policy rate, chiwongoladzanja chomwe imabwereketsera mabanki, kufika 26 peresenti ndiye ganizani chiwongoladzanja cha mabanki wamba chili pati, K2 miliyoni pa chaka mwabweza ndi theka la miliyoni kuposa apo, pomwe soya amadalira mvula ndipo mtengo umagwa nthawi yokolola mavenda akadzaza pa Kamwendo ndi masikelo awo. Katapila ndiye musayerekeze nkomwe.

Mwayi wanu ndi woti mumalandira ma rand. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, ndiye ndalamayo isungeni komweko musaisinthe msanga, lowani chipereganyu ndi anzanu a ku Joniko miyezi ingapo K2 miliyoniyo ikwana popanda ngongole. Komanso mukathira yonse pa malo mbewu, feteleza ndi aganyu mulipira ndi chani? Ine ndikanakhala inu ndikanachita lendi mundawo chaka chimodzi kaye, mulime muone ngati dambolo silisefukira mu February, muonenso ngati pabwere munthu wodandaula. Eni ake enieni amatulukira akaona khasu lachilendo mmunda mwawo.

Mphwanga_waJoni:
Zikomo kwambiri nonse, mayi NaPhiri pepani ndi zomwe zinakuchitikiranizo zandikhudza. Ndamuimbira msuweni usiku womwewu ndamufunsa za bamboyo, wayamba kaye wachita chete kenako akuti kwawo ndi ku Dedza anabwera kudzakwatira, mundawo unali wa apongozi ake omwe anamwalira chaka chatha ndipo akazi ake ali ndi azing'ono awo awiri, mmodzi ali ku Chipata. Ndamuuza kuti sinditumiza kalikonse, Lolemba apite kwa DC akafunse monga mwanenera a Che_Saveya, komanso akawafunse amayiwo paokha ngati angalole lendi ya chaka chino. Ine ndibwera pa Khirisimasi ndidzayende malirewo ndekha. A Che_Saveya, saveya woyeza maekala 5 ndimupeza kwa DC komweko kapena ndichite kumutenga ku Lilongwe?