Womenya woopsa mumamupatsa walk nthawi iti?

Moni nonse okonda baseball. Pali chinthu chikundizunguza mutu, nthawi yabwino yomupatsa dala walk (kumulola kupita pa first base osamenya mpira) womenya woopsa ngati Aaron Judge ndi iti? Zoti first base ikakhala yopanda munthu wina ali pa second mumasaka double play (kutulutsa osewera awiri nthawi imodzi) ndikuzimva, koma za 1998 zija ayi ndithu, Buck Showalter, manejala wa timu ya Arizona, anamupatsa walk womenya woopsa Barry Bonds ma base onse ali odzaza akutsogola 8-6, kupereka run dala, mpaka anawina 8-7. Ndaonera mavidiyo pa YouTube, ndawerenga malamulo a MLB (ligi yaikulu ya baseball ku America), akungonena zoti kuyambira 2017 manejala amangokodola osaponyanso dala mipira inayi kutali ndi womenya kuti apite pa first base. Anzanga kuno ndi a mpira wamiyendo okhaokha. Ndiye inu mumayang'ana chani kwenikweni, inning, ma out, kapena amene akubwera pambuyo pakeyo? Chonde ndithandizeni.