Boma likagulitsa nyumba yakale ya kazembe kunja, wavomereza ndani, nanga matchona ali ndi mawu?

Nabanda:
Akuluakulu, ndimasulireniko nkhani iyi. Mu 2023 dziko la Pakistan linagulitsa nyumba yake yakale ya ofesi ya kazembe ya pa R Street ku Washington pa madola 7.1 miliyoni. Nkhani ngati iyi ikamveka, nzika zokhala kunja zimagawikana, ena amati boma lataya chuma cha makolo, ena amati likanagulitsa kalekale. Kodi malo a kazembe si nthaka ya dziko limene latumiza kazembeyo? Ngati zili choncho, pogulitsa amatsatira malamulo a dziko liti, ndipo amasaina ndani? Nanga okhala kunjawo akakwiya, chilipo chimene angachite kupatula kulalata pa Facebook?

Jere:
Mayi Nabanda, tiyambe tachotsa zoti malo a kazembe ndi kachidutswa ka dziko lotumiza. Si choncho. Nthakayo ndi ya dziko limene lalandira kazembeyo. Chimene chilipo ndi chitetezo cha pangano la ku Vienna la 1961. Gawo 22 limati apolisi sangalowe popanda chilolezo cha mkulu wa ofesiyo, ndipo malowo sangalandidwe chifukwa cha ngongole. Gawo 23 limachotsa misonkho ya malo, kupatula zolipirira ntchito yeniyeni monga madzi ndi kuchotsa zinyalala. Koma panganolo limateteza nyumba imene ikugwiritsidwa ntchito ya ukazembe, mwini wake kaya akhale ndani. Ntchito ikatha, chitetezo nacho chimatha kuchotsedwa. N'zimene zinachitikira Pakistan: anasamuka mu 2003, nyumba n'kukhala yopanda munthu, ndipo mu 2018 inachotsedwa m'kaundula wa malo a ukazembe. Kuyambira pamenepo msonkho unayamba kuwerengedwa. Pa nthawiyo ku Washington nyumba yopanda anthu inkakhomedwa madola 5 pa madola 100 alionse a mtengo wake pachaka, ndipo ikalembedwa kuti ndi bwinja ankakhoma madola 10. Bwinja la madola 7 miliyoni ndiye kuti madola 700,000 chaka chilichonse, musanagule ngakhale msomali umodzi.

Ndiye malamulo ake ndi a mbali ziwiri. Akwanu amanena amene ali ndi mphamvu yogulitsa, a kumene kuli nyumbako amanena kagulitsidwe kake.

Kumbali ya kwanu, kazembe alibe mphamvu yogulitsa payekha. Iye amangosaina ndi kalata yomupatsa mphamvu, chilolezo chikatuluka ku unduna woona za kunja, ku unduna wa zachuma, ku nduna zonse pamodzi, ndipo m'mayiko ena ku nyumba ya malamulo. Mlandu woti muudziwe ndi wa ku Philippines, wa Laurel v. Garcia, 1990. Boma la Corazon Aquino linafuna kugulitsa malo a ku Roppongi ku Tokyo, amene dzikolo linapeza kudzera m'pangano la 1956 loti Japan ilipire zimene inawononga pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ofesi ya kazembe inali itachokapo kale mu 1976. Wachiwiri kwa pulezidenti yemweyo, Salvador Laurel, anapita kukhoti, ndipo khoti lalikulu linaletsa malondawo. Linati kusagwiritsa ntchito malo sikutanthauza kuti asiya kukhala a anthu onse, ndipo popanda lamulo lochokera ku nyumba ya malamulo palibe chogulitsa.

Kumbali ya eni nthaka, ku America lamulo la Foreign Missions Act la 1982 limati musanagule kapena kugulitsa mudziwitse unduna wawo woona za kunja, ndipo mudikire mpaka masiku 60 kuti ayankhe. Ku Britain kuli lamulo la 1987 loti malo amakhala a ukazembe pokhapokha nduna yawo itavomereza.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa mapepala a umwini. Nyumba zogulidwa kalekale nthawi zina zinalembedwa m'dzina lakale la dziko, kapena la boma limene kulibenso. Yugoslavia itasweka, panafunika pangano la 2001 logawana nyumba za akazembe, ndipo zina mwa za ku New York zinakhala zaka zambirimbiri chifukwa mayiko asanu anayenera kuvomereza mtengo umodzi. Chinanso ndi angongole. Mukangovula nyumba chitetezo cha ukazembe, aliyense amene anawina boma lanu kukhoti amatha kuithamangira. Ku Sweden khoti lalikulu mu 2011 linalola Franz Sedelmayer, wamalonda wa ku Germany, kugwira nyumba ya Russia ku Lidingö chifukwa mbali yaikulu inkachititsidwa lendi, ndipo mu 2014 inagulitsidwa pa okishoni. N'chifukwa chake loya wochenjera amayamba wafufuza milandu yonse ya ngongole nyumbayo isanatsatsidwe.

Nangozo:
Bambo Jere alongosola bwino za malamulo, ine ndikambe za nyumbayo ndi mtengo wake, chifukwa mkangano wa matchona nthawi zambiri umagona pa mawu akuti "yatayitsidwa".

Nyumba ya zaka 100 m'dziko lozizira ikakhala yopanda munthu imawola msanga kuposa mmene anthu amaganizira. Chiyambi chake chimakhala chochepa. Masamba atseka ngalande za padenga, madzi asefukira kulowa m'khoma, mitanda ya denga iyamba kuwola kunsonga kumene yakhazikika pa njerwa. Wina ku likulu wasiya kulipira gasi kuti apulumutse ndalama, zotenthetsera zazima, madzi a m'mapaipi aundana, paipi n'kuphulika m'chipinda cham'mwamba. Kukafunda madziwo amatsika nsanjika zonse, siling'i kugwa, nkhungu khoma lonse. Wogula akalowa ndi tochi amawerengera zonsezo, awonjezepo kuchotsa asibesitosi ndi penti yakale ya mtovu, asinthe mawaya onse a magetsi, ndiye achotse ndalamazo pa mtengo. Amene akufanizira ndi nyumba yoyandikana nayo yokonzedwa bwino akudzinamiza.

Kachiwiri, mbiri ya nyumba imakweza ulemu koma kawirikawiri imatsitsa mtengo, chifukwa wogula saloledwa kugwetsa kapena kusintha nkhope yake. Ofesi ya kazembe wa America ku Grosvenor Square ku London, imene anajambula Eero Saarinen n'kutsegulidwa mu 1960, inaikidwa m'gulu la nyumba zotetezedwa mu 2009, chaka chomwecho chimene kampani ya Qatari Diar inagwirizana zoigula. Chiwombankhanga chagolide cha padenga, mapiko ake pafupifupi mamita 11, chinayenera kutsala pomwepo ngakhale nyumbayo inasanduka hotela. Komanso nthaka ya pansi pake sinali ya America, inali pa lizi ya zaka 999 kuchokera kwa eni nthakayo, a Grosvenor Estate. Kumene kulibe chiletso chotere, wogula amalipira nthaka, nyumbayo sayiwerengera. Britain inagulitsa malo a kazembe wake ku Bangkok mu 2018 pa mapaundi 420 miliyoni kwa makampani a Central Group ndi Hongkong Land, nyumba zakale zija n'kugwetsedwa. Canada inagulitsa nyumba yake ya ukazembe ya Macdonald House ku London mu 2013 kwa kampani ya Lodha pa mapaundi 306 miliyoni, naponso ankafuna malowo kuti amange nyumba zogona za anthu olemera.

Kagulitsidwe koyenera sikovuta kukafotokoza. Akatswiri owerengera mtengo akhale awiri kapena atatu a mumzinda womwewo, osadziwana, ndipo amene akuwerengerayo asakhalenso wotsatsa malonda, chifukwa wotsatsa amadya pa peresenti ndiye amafuna igulidwe msanga. Mtengo wotsikitsitsa ulembedwe n'kutsekeredwa tenda isanatuluke. Tenda ilengezedwe poyera kwa milungu yokwanira, maenvulopu atsegulidwe tsiku limodzi pamaso pa mboni, ndipo aliyense wopikisana aonetse umboni wa ku banki. Ku England wogula amapereka 10 peresenti tsiku losinthana makontirakiti, akabwerera m'mbuyo yapita. Katangale amalowera pawiri: wogula mmodzi wosankhidwa mwakachetechete ati "chifukwa cha changu", kapena tenda kuimitsidwa n'kuyambidwanso kangapo mpaka opikisana enieni atatopa.

Osaiwala kukhuthula nyumba. Mafaelo achinsinsi, masefa, zipangizo za m'chipinda cha mauthenga, zidindo, mapasipoti osalembedwa, chizindikiro cha dziko cha pageti, zithunzi ndi mphatso, zonse zilembedwe m'kaundula wosainidwa ndi anthu awiri. Zojambula zamtengo wapatali zimasowa pa masiku osamukawa. Ku Bangkok chipilala chokumbukira asilikali anachisamutsira ku British Club, chifukwa zotere zikapanda kutchulidwa mu kontirakiti zimapita ndi nthaka.

Phiri:
Achemwali a Nangozo, zonsezo n'zoona, koma mukuwapeputsa matchona ngati anthu osadziwa kuwerengera. Kwa munthu wokhala kunja nyumba imeneyo ndi pamene amakonzetsera pasipoti, kulembetsa mwana, kusainitsa mapepala otumizira maliro kwawo, ndiponso pamene amakaima ndi zikwangwani boma likalakwa. Ikagulitsidwa ofesi n'kupita pa nsanjika ya khumi ya nyumba ya lendi, pokaima ndi chikwangwani palibenso. Ndipo mantha awo aakulu si mtengo, ndi kumene ndalamazo zipite. Zikalowa m'thumba lalikulu la boma zimathera malipiro ndi ngongole chaka chomwecho, pamene lendi ya ofesi yatsopano idzalipidwa mpaka kalekale m'ndalama zakunja. America inamanga ofesi yatsopano ku Nine Elms, pafupifupi madola 1 biliyoni, ndi ndalama zogulitsa nyumba zake za ku London komweko. Britain inalengeza kuti za ku Bangkok zikonzera maofesi ake ena kunja. Boma limene silinena chotere lisanagulitse, m'pomveka kulikayikira.

Komabe ndivomereze kuti phokoso lambiri limatsata chipani. Yemweyo amene anali chete nyumba ikuwola chipani chake chikulamula, ndiye amakuwa kwambiri anzake akamagulitsa. Ngakhale Donald Trump mu January 2018 anakana kukatsegula ofesi ya ku Nine Elms ponena kuti boma la Obama linatayitsa yakale ija, chonsecho ganizo losamuka linalengezedwa mu 2008, nthawi ya George W. Bush.

Komanso matchona si gulu la mawu amodzi. Pa chisankho cha Turkey cha 2023, mwa amene anavotera ku Germany pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha pulezidenti Erdoğan, pamene ku Britain ndi ku America ambiri anasankha wopikisana naye, Kılıçdaroğlu. Zimatengera amene anachoka, chaka chimene anachoka ndi chimene chinawachotsa. N'chifukwa chake zipani zimapereka kapena kulanda voti ya okhala kunja poyang'ana kumene igwere. Ku Pakistan boma la Imran Khan linakhazikitsa lamulo mu 2021 lowalola kuvota pa intaneti, boma lotsatira n'kulisintha mu 2022. France ili ndi aphungu 11 oimira nzika zokhala kunja, Italy nayo ili ndi mipando yawo, pamene Ireland wochoka n'kukhazikika kwina savota. Kumene kuli phungu wa matchona, funso la nyumba limafika m'nyumba ya malamulo sabata yomweyo. Kumene kulibe, limathera pa WhatsApp.

Nabanda:
Zikomo nonse. Ndiye bambo Phiri, kwa amene alibe voti kapena phungu, njira yake ndi iti? Angakasume kukhoti la kumene akukhalako?

Jere:
Kukhoti la kumene akukhalako n'kutaya ndalama, mayi. Woweruza wa kumeneko adzafunsa chimene wosumayo waluza payekha, ndipo salowerera zoti nduna ya dziko lina inatsatira malamulo a kwawo kapena ayi. Chiletso chimatengedwa kukhoti la kwanu, monga anachitira Laurel, ndipo chitengedwe makontirakiti asanasainidwe. Umwini ukasamutsidwa kwa wogula amene analipira osadziwa cholakwika, kubweza n'kovuta kwambiri, chotsala n'kuimba mlandu amene anasaina.

Mwayi umene okhala kunja ali nawo kuposa akumudzi ndi wakuti mapepala ali pafupi nawo. Ku England aliyense amatha kuitanitsa ku ofesi ya kaundula wa malo, HM Land Registry, chikalata cha nyumba pa kandalama kochepa, n'kuona mwini wake, ngongole zimene zamangidwapo, ndipo kawirikawiri mtengo umene unalipidwa. Wogula akakhala kampani, ofesi yolembetsa makampani, Companies House, imaonetsa akuluakulu ake, ndipo kuyambira 2022 kampani yakunja yogula malo ku Britain iyenera kulembetsa eni ake enieni. Ku Washington zikalata za umwini zili ku ofesi ya Recorder of Deeds, ndipo msonkho umene nyumba iyenera kulipira umaoneka pa intaneti. Munthu ajambule nyumbayo ali pamsewu, deti lioneke, asonkhanitse mitengo ya nyumba zitatu kapena zinayi zofanana nayo zimene zagulidwa m'dera lomwelo miyezi yapitayi, aike pamodzi ndi chikalata chija.

Mtolo umenewo upite kwa mkulu wofufuza za chuma cha boma, ku komiti ya aphungu yoona za ndalama za boma, ndi kwa mtolankhani wodziwa kuwerenga manambala, pamodzi ndi mafunso anayi: chilolezo chinatuluka liti ndipo anasaina ndani, owerengera mtengo anati zingati, opikisana anali angati, ndalama zinalowa mu akaunti iti. Kumene kuli lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, mafunsowo alembedwe pansi pa lamulolo kuti masiku oyankhira ayambe kuwerengedwa. Ku Kenya mu 2010 lipoti la komiti ya aphungu lokhudza kugula malo a kazembe ku Tokyo, ndi ndalama zina zochokera kogulitsa malo a ku Lagos, linachititsa nduna Moses Wetang'ula kutula kaye pansi udindo kuti afufuzidwe. Iye anakana kulakwa ndipo anabwerera pa mpando chaka chotsatira, koma mitengo, madeti ndi mayina a osaina zinakambidwa poyera m'nyumba ya malamulo.