Netiweki ndi distributed systems mu semesita imodzi: tiyambire pati?

mphunzitsi_watsopano:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndapatsidwa kosi ya chaka chachitatu yophatikiza netiweki za makompyuta ndi distributed systems (makompyuta ambiri ogwira ntchito limodzi ngati chinthu chimodzi), masabata 14. Ophunzira alipo 60, labu ili ndi makompyuta 20 a RAM ya 4GB, ma switch awiri, router palibe. Ndiyambe ndi ma layer 7 a OSI (ndondomeko yogawa ntchito za netiweki m'magawo) kapena ndi mapulogalamu? Nanga gawo la distributed ndilipatse masabata angati kuti lisathere pa bolodi pokha?

wa_ma_packet:
Aphunzitsi, yambirani pamwamba, pa zinthu zomwe ophunzira amazigwiritsa ntchito kale, kenako muzitsika. OSI muitchule tsiku limodzi basi. Pophunzitsa gwiritsani ntchito ma layer asanu: application, transport, network, link ndi physical, chifukwa ndi amene adzawaone mu Wireshark, pulogalamu yoonetsa ma packet oyenda pa netiweki.

Sabata yoyamba yomweyo atsegule Wireshark. Musawatumize pa intaneti, popeza masamba ambiri ndi a HTTPS ndipo zamkati mwake siziwerengeka. Pa kompyuta imodzi lembani python3 -m http.server 8000, ena onse alowe pamenepo, fyuluta ikhale tcp.port == 8000. Aliyense aloze ndi chala SYN, SYN-ACK ndi ACK (moni wotsegulira kulumikizana kwa TCP), kenako GET ndi 200 OK. Amene waona zimenezi savutikanso mukafika pa TCP.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa subnetting, kugawa netiweki imodzi m'tizigawo, choncho muipatse masabata awiri athunthu, ya pepala ndi cholembera, popanda kakyuleta. Chitsanzo: 192.168.10.0/24 aigawe panayi. Zituluka /26 zinayi zoyambira pa .0, .64, .128 ndi .192, iliyonse ya ma adiresi 64, ogwiritsika ntchito 62 chifukwa woyamba ndi wa netiwekiyo ndipo womaliza ndi wa broadcast. Cholakwika cha chaka ndi chaka n'chakuti wophunzira amapatsa kompyuta .70 koma gateway n'kulemba .1, yomwe ili mu subnet ina. Musamuuze msanga. Musiyeni ping ikane, afufuze yekha ndi ip route.

Kagawidwe kake: masabata 9 a netiweki, 5 a distributed.

wa_ku_labu:
Ndiwonjezere za labu. Choyamba, chotsani chingwe cholumikiza labuyo ku netiweki ya sukulu musanayambe phunziro la DHCP, njira imene makompyuta amalandirira ma adiresi okha. Wophunzira mmodzi akayatsa DHCP server yake, imayamba kugawa ma adiresi olakwika kwa aliyense amene ali pa netiweki imeneyo, maofesi n'kusowa intaneti. Chimodzimodzi ndi chingwe chimodzi cholowetsedwa mbali zonse ziwiri mu switch yopanda spanning tree (njira yoletsa uthenga kuzungulira mu netiweki): ma broadcast amazungulira osatha, magetsi a madoko onse n'kumaphethira limodzi, netiweki n'kuima. N'zoyenera kuti azione zimenezi, koma labu ili payokha.

Kusowa router kusakudetseni nkhawa. Pa 4GB, GNS3, pulogalamu yoyerekezera netiweki, imalemera kwambiri. Ikani Linux ndi Mininet: sudo mn --topo linear,3 ikupatsani ma switch atatu ndi ma host atatu mu kompyuta imodzi, pingall iyesa onse. Magetsi akazima kapena pulogalamu ikafa pakati, lembani sudo mn -c musanayambenso, apo ayi ikana chifukwa zotsalira zakale zikadalipo. Packet Tracer ndi yabwino pophunzira malamulo a Cisco, koma ma packet ake ndi ongoyerekezera, ndiye isalowe m'malo mwa Wireshark.

Gulu lililonse la anthu atatu limangenso chingwe chimodzi cha Cat6. Mitundu ya T568B ndi iyi: white-orange, orange, white-green, blue, white-blue, green, white-brown, brown, ndipo chingwe chisapitirire mamita 100. Gulani mitu ya RJ45 yochuluka kuwirikiza kawiri chiwerengero chomwe mwawerengera, yoyamba imawonongeka ndithu.

mayi_wa_ma_seva:
Masabata asanuwo ndagwirizana nawo, koma mlatho wake ndi ma socket, makomo omwe pulogalamu imatumizira ndi kulandirira uthenga pa netiweki, ndipo umangidwe pa sabata ya 8 kapena 9. Alembe client ndi server mu Python. Awiri mwa mavuto awo ndi odziwikiratu. Loyamba, amaganiza kuti send imodzi imafika ngati recv imodzi. TCP imangotumiza mtsinje wa ma byte, sidziwa pomwe uthenga wathera, choncho aziika ma byte 4 a kutalika kwa uthenga patsogolo, n'kumawerenga mpaka akwane. Lachiwiri ndi "Address already in use" akayatsanso server msanga. Imeneyo ndi TIME_WAIT, mankhwala ake ndi SO_REUSEADDR.

Zikayenda, muwaonongere netiweki mwadala: tc qdisc add dev eth0 root netem delay 200ms loss 5%. Lamuloli limakhudza zotuluka zokha, ndiye mukaliika mbali zonse ziwiri ping ikwera ndi 400ms. Apa ndi pomwe distributed systems imayambira. Client yatumiza pempho, yankho silinabwere. Kodi server yafa, ikuchedwa, kapena yagwira ntchito koma yankho latayika panjira? Client ilibe njira yodziwira. Apatseni ntchito ya kasitomu wotumiza ndalama pa foni: akabwereza pempho, ndalama zisachoke kawiri. Yankho ndi nambala yapadera pa pempho lililonse, imene server imasunga n'kuizindikira ikabweranso.

Kenako mawotchi a Lamport a 1978 (njira yosanjira zochitika pa makompyuta osiyana popanda wotchi imodzi), sabata imodzi, kenako ma replica (makope a data pa makompyuta angapo, otchedwa ma node) ndi quorum (ma node oposa theka ogwirizana). Awerengere okha: ma node atatu amapirira imfa ya imodzi, anayi amapirirabe imodzi yokha, asanu amapirira ziwiri. Raft, njira yoti ma node agwirizane kudzera mwa mtsogoleri mmodzi, yonse musaipereke ngati ntchito, nthawi siikwana. Alembe kusankha mtsogoleri kokha, timeout ikhale yachisawawa pakati pa 150 ndi 300ms. Akaika timeout yofanana pa ma node onse, onse amapempha mavoti nthawi imodzi, mavoti n'kugawanika, mtsogoleri osapezeka.

mphunzitsi_watsopano:
Zikomo kwambiri nonse. Latsala limodzi, mayi: m'gulu la atatu nthawi zambiri amalemba ndi mmodzi. Mamakisi ndigawe bwanji?

mayi_wa_ma_seva:
Code ikhale ndi theka la mamakisi, theka linalo aliyense alipeze payekha pa kompyuta, mphindi zisanu. Yatsani ma node awo, muphe mtsogoleri ndi kill -9, mufunse wophunzirayo aneneretu chomwe chichitike, kenako akuonetseni mu log pomwe mtsogoleri watsopano wasankhidwa ndi term yake (nambala ya chisankhocho). Kwa wachiwiri musinthe funso: muphe ma node awiri mwa atatu, afotokoze chifukwa chomwe yotsalayo ikulephera kukhala mtsogoleri. Ophunzira 60 pa mphindi zisanu ndi maola asanu, ndiye mugawe pa malabu awiri a sabata ya 14.