Wizard wanga wafa tsiku loyamba, ndalakwitsa pati?

Kadayisi20: Anzanga, Loweruka tinasewera Dungeons & Dragons (masewera a patebulo omwe aliyense amakhala munthu wa m'nthano) koyamba. Wizard wanga (munthu wamatsenga amene ndinkasewera) anali ndi ma hit point (mapointi a moyo) 7 okha. Goblin (kachilombo kooneka ngati munthu) anamulasa mivi iwiri, basi kwatha. Ndinangokhala pambali n'kumakukuta mtedza mpaka usiku.

Mlonda_wa_Phanga: Munaima kutsogolo eti? Malo a wizard ndi kumbuyo kwa fighter (msilikali wa gulu), achimwene. Musaiwalenso matsenga a Shield, amawonjezera 5 pa AC (nambala ya chitetezo chanu) akamakumenyani.

Nyenyezi: Ine ndimadalira matsenga a Sleep, amagoneka ma goblin awiri kapena atatu nthawi imodzi. Komanso ma hit point kufika pa 0 si imfa ayi. Mumaponya d20 (dayisi ya mbali 20), mukapeza 10 kapena kuposa katatu mwapulumuka. Zonsezi zili mu Basic Rules (malamulo oyambira a masewerawa) za 2014, n'zaulere pa intaneti.

Kadayisi20: Aa! DM (wotsogolera masewera) wathu zimenezi sanatiuze. Loweruka likudzali andimva.