Kodi ife eni tingatumize ana athu ku CDSS ya kwathu?

Wapampando, Mangochi Boma

Abale ndi alongo, a kumudzi ndi a kutali omwe, landirani moni. Monga tinapanganirana mwezi watha, a Mlembi anapita kukaona sekondale yoyendera ya m'dera (CDSS) ya kwathu tisanamange mfundo ya momwe tigwiritsire ntchito ndalama zimene tasonkha chaka chino. Maganizo amene munapereka ndi atatu: labotale, malo ogona atsikana, ndi nyumba za aphunzitsi. Tisanayambe kukangana za simenti ndi malata, ndikupempha kuti aliyense wolankhula ayankhenso funso limene timakonda kulizemba: mwana wanu wobereka nokha atasankhidwira kusukulu imeneyi, mungamulole kupitako? Ineyo funsoli likundisowetsa tulo, chifukwa mdzukulu wanga wamkazi amene ndikulera walemba mayeso a sitandade 8, ndipo tonse tikudziwa kuti malo kusekondale zogonera konko monga ku Lisumbwi kapena ku St Michael's ku Malindi ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amawalakalaka.

Mlembi, kumudzi

Zikomo a Wapampando. Ndinanyamuka m'bandakucha Lachiwiri pa njinga ya kabaza ndipo ndinafika belu lisanalire, mwadala, osawauziratu. Ana anafika m'nthawi yake, ena mapazi ali mbuu ndi fumbi, nsapato atazinyamula m'manja kuti zisathe msanga. Phunziro loyamba litayamba ndinazungulira m'makalasi onse anayi, ndipo m'makalasi awiri munalibe mphunzitsi. Mu fomu 2 mtsikana wina anali pabolodi, akukopera anzake manotsi a Biology kuchokera m'kope lakale lothothoka masamba, ndipo anzakewo ankalemba mwakachetechete popanda wofunsa funso. Aphunzitsi a makalasiwo anatulukira dzuwa litakwera, ali thukuta kamukamu, atapalasa njinga kuchokera pamsika pamene amachita lendi, chifukwa pasukulupo nyumba ilipo ndi ya aphunzitsi aakulu yokha.

Aphunzitsi aakulu anandilandira bwino ndipo sanandibisire kanthu. Zipangizo za sayansi zilipo pang'ono, koma zili m'kabati ya mu ofesi yawo, ndipo makina oonera tizinthu ting'onoting'ono akadali m'katoni yake momwe anabwerera. Mjigo ukutulutsa madzi. Zimbudzi za atsikana ndi zitatu ndipo zonse zilibe zitseko. Koma chimene chinanditsalira m'mutu ndi madesiki: mu fomu 1 ana akukhala atatu atatu pa desiki imodzi, ena pansi, pamene mu fomu 4 muli madesiki opanda munthu, ndipo atsikana a m'kalasi imeneyo ndinawawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Funso lanu, a Wapampando, ndiliyankha ndikamva anzanga.

Membala wa ku Lilongwe

Ndathokoza a Mlembi chifukwa cha lipoti losapsatira mawu. Ine ndikuimabe pa labotale. Mwana wa ku CDSS amalemba mayeso a MANEB omwewo amene amalemba wa kusukulu yogonera konko, ndipo m'maphunziro a sayansi muli gawo lochita ndi manja, limene mwana amene sanagwirepo chipangizo chilichonse amakumana nalo koyamba tsiku la mayeso. Kuyambira pamene Physical Science inagawidwa kukhala Physics ndi Chemistry, kusowa kwa labotale kukupweteka kawiri. Timadandaula kuti m'zipatala za kwathu anamwino ambiri ndi ochokera kutali ndipo agogo athu amavutika kufotokoza matenda awo m'Chiyao, komatu namwino sangatuluke m'sukulu imene sayansi imaphunzitsidwa ndi choko chokha. Kunena zoona, mwana wanga sindingamutumize kumeneko lero, koma labotale itamangidwa ndingayambe kuganizira.

Aphunzitsi opuma, Namwera

Achimwene a ku Lilongwe, mfundo yanu ndi yomveka, koma mundilole ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa ndinaphunzitsa m'sukulu zoterezi kuyambira zisanatchedwe dzina limeneli. Zambiri mwa izo zinali malo a maphunziro a patali a MCDE, amene tinkawatcha ma DEC, kumene mwana amene sanasankhidwe ankawerenga yekha timabuku totumizidwa, mphunzitsi n'kumangothandizira. Boma linazisandutsa ma CDSS mu 1998, chinamtindi cha ana amene analowa pulaimale yaulere mu 1994 chili m'njira, ndipo ambiri amene tinayamba kuphunzitsamo tinali aphunzitsi a pulaimale. Ena tinakawonjezera maphunziro ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi pambuyo pake. Choncho chilema chimene sukulu izi zinabadwa nacho ndi kusowa kwa mphunzitsi woyenera, ndipo chikadalipo. Ndinaonapo labotale yokongola imene inasanduka mosungiramo makasu ndi madesiki othyoka chifukwa mphunzitsi wa Chemistry amene anatumizidwa anakhala teremu imodzi, n'kupempha kusamutsidwa atatopa ndi kugona m'kachipinda ka kuseri kwa golosale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kholo likamayeza sukulu limathamangira kufunsa kuti akhoza angati MSCE, ndipo funsoli limanamiza. Choyamba, satifiketi munthu angathe kuitenga ndi ma 7 ndi ma 8 ambiri, bola Chingerezi wakhoza ndipo credit ilipo, pamene yunivesite za boma zimafuna ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Chachiwiri, chiwerengero cha okhoza chimatengedwa pa amene alemba, osati pa amene anayamba fomu 1 zaka zinayi zapitazo. Madesiki opanda anthu amene a Mlembi anaona mu fomu 4 sapezeka pa pepala la zotsatira limene limamatidwa pakhomo la ofesi. Ine ndikanakhala kholo lofufuza, ndikanapempha kaundula wa kalasi imodzi kuyambira fomu 1, n'kulondola dzina lililonse kuti linathera kuti. Mayeso a JCE, amene analembedwa komaliza mu 2016 n'kubwereranso mu 2021, amathandizanso, chifukwa amaonetsa msanga ngati kalasi yasochera.

Palinso nkhani ya chiyankhulo imene sitiitchula kawirikawiri. Mwana wa kwathu amakula ndi Chiyao pakhomo, amakumana ndi Chichewa kusukulu ndi kumsika, kenaka mayeso onse, kupatula a Chichewa, amawalemba m'Chingerezi. Mwana woteroyo amafunika mphunzitsi amene angatsale naye masana, kumuwerengetsa mokweza ndi kumukonza kalembedwe. Mphunzitsi amene maso ali panjinga, kuopa kuti mdima umupeza m'njira, sangachite zimenezo ngakhale atakhala wamtima wabwino chotani. N'chifukwa chake ine ndikuti nyumba za aphunzitsi ziyambe.

Mayi wa Mother Group, kumudzi

Aphunzitsi, ndakumvani ndipo ndikukulemekezani, koma ana amene akusowa mu fomu 4 aja ine ndimawadziwa mayina awo ndi makomo a kwawo. Atsikana ochokera kutali amachita lendi timanyumba ta pafupi ndi msika, atatu kapena anayi m'chipinda chimodzi, kumadziphikira okha, popanda wamkulu aliyense wowayang'ana. Mwana wa mchemwali wanga anali m'gulu limeneli. Ufa umene anamupatsa unatha pakati pa teremu, ndipo inali nyengo imene usipa unadzaza pathandala, alovi, anyamata ogwira ntchito ya usodzi, ali ndi ndalama m'matumba. Zotsatira zake simukusowa kuti ndizifotokoze. Lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka lilipo kuyambira 1993, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 akhale mwana amene sangakwatiwe. Ife a Mother Group, gulu la amayi lolimbikitsa atsikana kukhala pasukulu, timayenda khomo ndi khomo kukumbutsa makolo zimenezi, komatu kubweza mtsikana amene ali ndi khanda kumsana ndi ntchito yolemera kuposa kumuteteza asanagwe.

Sindikunena kuti malo ogona ndi mankhwala a zonse. Popanda mpanda, popanda mayi wowayang'anira ndi chakudya chodalirika, malo ogonawo angakhale oipa kuposa lendi. Koma mukandifunsa ngati mwana wanga wamkazi ndingamutumize, yankho langa ndi lakuti wanga ali komweko kale, mu fomu 1, chifukwa ndilibe kwina komutumiza. Funso la a Wapampando ndi la anthu amene ali ndi mwayi wosankha.

Membala wa ku Johannesburg

Amayi, mawu anu omalizawo andilasa, ndipo ndivomere poyera kuti ana anga awiri ali pasukulu yolipira ku Blantyre. Ndikufuna ndiwonjezere za anyamata, chifukwa nawonso akutha, ndipo ena mwa amene akuwathawitsa ndi ife tomwe. Tikabwera mu Disembala ndi foni zatsopano ndi galimoto yodzaza katundu, mnyamata wa fomu 2 amayang'ana ife, n'kuyang'ana mphunzitsi wake pa njinga yopanda mabuleki, n'kuwerengera yekha. Sitimuuza za chipinda chimene timagonamo anthu asanu, kapena za mtima umene umadumpha tikaona galimoto ya apolisi pamene mapepala atha. Ine ndinasiyira sukulu mu fomu 2, ndinayamba ndi kukoka khoka la chilimira kunyanja, kenaka ndinatsika kuno, ndipo mpaka lero kalata ya ntchito ndimafuna wina andiwerengere ndisanasaine. Mphunzitsi akamakhala m'nyumba yabwino pasukulu pomwepo, yokhala ndi sola padenga, mwina mnyamata angaone kuti sukulu nayonso imafikitsa munthu penapake. Ine ndili kumbali ya Aphunzitsi opuma.

Msungichuma, Blantyre

Ntchito yanga ndi yokhumudwitsa anthu, choncho mundikhululukire. Ndalama zimene zalowa kudzera pa Airtel Money, pa Mpamba ndi kubanki sizingamalize labotale kapena malo ogona, ndipo kwathu kuli kale maziko okwanira amene anamera udzu chifukwa anthu anayamba chimene sakanatha kuchimaliza. Tikumbukirenso kuti kuyambira 2018 malamulo salola njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma, kotero ganizo lakuti mudzi uumba njerwa ife tigule malata silingayende monga kale. Pafunika mabuloko a simenti, ndipo mudzi ungathandize ndi mchenga, miyala ndi madzi. Zimene tili nazo zingakwane nyumba imodzi ya mabanja awiri ngati mtengo wa simenti sukwera kwambiri tisanagule. Malo ogona atsikana ali ndi vuto lina lakuti ndalama zake sizithera pomanga, chifukwa mlonda, woyang'anira ndi nkhuni zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi. Ntchito yaikulu ngati imeneyo tiipititse ku makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera (VDC ndi ADC) kuti ilowe m'dongosolo la khonsolo, ndipo tikafufuzenso za thumba la chitukuko cha m'dera la CDF.

Membala wa ku Lilongwe

A Msungichuma, pa ndalama sindingatsutsane nanu. Nkhawa yanga yatsala pamodzi: amene amatumiza aphunzitsi a sekondale si ife, ndi ofesi ya zamaphunziro ya chigawo ku Zomba. Tingamange nyumba, n'kulowamo aphunzitsi awiri amene alipo kale, sayansi n'kukhalabe ya choko. Ndivomera nyumbayo pokhapokha titagwirizana ndi komiti ya sukulu, molemba, kuti mbali imodzi isungidwire mphunzitsi wa masamu kapena sayansi, ndiponso kuti aphunzitsi aakulu alembe kalata yopempha mphunzitsiyo maziko asanakumbidwe.

Aphunzitsi opuma, Namwera

Zimenezo n'zanzeru, achimwene, ndipo kalata yonena kuti nyumba ilipo imamveka mosiyana ndi kalata yongolira. Ndingowonjezera kuti mbali inayo ikhale ya mphunzitsi wamkazi, chifukwa atsikana a lendi aja adzakhala ndi khomo loti n'kugogoda usiku zinthu zikavuta, podikira kuti malo ogona adzamangidwe.

Wapampando, Mangochi Boma

Ndamva mbali zonse, koma sitivota lero, chifukwa a ku Monkey Bay ndi a ku Makanjira sanalankhule. A Mlembi, bwererani Lachisanu, osawauziratunso, mukaone ngati zimene munapeza Lachiwiri zili za tsiku lililonse, ndipo mukapemphe mwaulemu kaundula wa ana amene ali mu fomu 4 kuyambira pamene analowa fomu 1. A Msungichuma, tipezereni mitengo kwa amisiri atatu. Za mdzukulu wanga, ndanena kunyumba kuti akasankhidwira kwathuko apita, koma azikagona kwa azakhali ake, osati ku lendi. Agogo ake aakazi sanavomere, ndipo nkhaniyo ikadali m'nyumba.

Mayi wa Mother Group, kumudzi

A Wapampando, zitseko zitatu za zimbudzi zija zisadikire voti, chifukwa atsikana ena amajomba masiku angapo mwezi uliwonse pa chifukwa chimenecho. Kalipentala wa pamsika ali ndi matabwa kale. A Msungichuma akalola, ndipita kukamufunsa mtengo mawa ndikachoka kumunda.